Za Kasungidwe ka Zitsulo Zosemera

Dzinja likayandikira, mwini nyumba aliyense akumbukira denga lake ndi nkhokwe yake, koma ndi owerengeka amene akumbukira zitsulo zimene adyera nazo. Ife amene tisema mitengo pakhomo tifuna kulankhulapo pang'ono za nkhani imeneyi, pakuti taona sompho ndi tchizulo zambiri zikufa m'miyezi ya mvula, mwini wake asanazigwiritse ntchito n'komwe. Chitsulo chimene chikadadyetsa atate, mwana ndi mdzukulu chitha m'zaka ziwiri chifukwa cha kugona poipa.

Sompho ndi kasemasema makolo athu anali nazo kalekale, zosulidwa m'dziko lomwe lino, ndipo ndi zimenezo anagoba mitondo, ng'oma ndi mabwato. Tchizulo yomenya ndi nyundo ya mtengo inachuluka pamene amishoni anayamba kuphunzitsa ukalipentala, monga ku Blantyre, kumene tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891, ndi ku Livingstonia, kumene sukulu ya Overtoun inayamba mu 1894. Zitsulo zotchuka za masiku amenewo zinali za ku Sheffield, ku Mangalande. Amisiri a kumeneko anazipatsa manambala: 1 ndiyo ya mlomo wowongoka, 2 ya mlomo wopendekeka, ndipo kuyambira 3 kufikira 11 ndizo zogobera, za mlomo wopindika ngati chikhadabo. Nambala ikamakwera, mphako yake izamanso. Iwo amene anaona ntchito za osema a ku KuNgoni ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, adziwa zimene timilomo timeneti tikhoza kutulutsa mumtengo. Ambiri a ife kumudzi tilibe za ku Sheffield. Zathu atisulira osula ndi masipuling'i a galimoto kapena tupa zakutha, ndipo sitizinyoza ayi, pakuti chitsulo chake n'cholimba ndithu. Koma dzimbiri silifunsa kumene chitsulo chinachokera.

Kuti timve kuopsa kwa dzimbiri, tiyambe taganiza kuti kuthwa n'chiyani. Tchizulo ili ndi nkhope ziwiri, msana wosalala ndi mbali imene tinola, ndipo pamene ziwirizi zikumana ndipo pali kuthwa. Dzimbiri likagwira msana, silikhala pamwamba pokha monga fumbi, koma likumba timaenje. Mukhoza kupukuta kufiira konse, chitsulo n'kuwalanso, koma timaenje titsala. Tsono ponola, mlomo ukafika pa kadzenje kotero ubenthuka, ndipo paliponse mudula pamtengo patsala kamzere. Munola kawiri, katatu, kamzere kali pomwepo, kufikira mutadya chitsulo chonse chimene chili ndi maenjewo. Chogobera ndiye chivutitsa koposa, pakuti dzimbiri likonda kukhala m'kati mwa mphako, m'mene mwala wonolera wamba sulowa. Pafunika kamwala kakang'ono kozungulira m'mphepete, ndi kuleza mtima kwa tsiku lonse.

Dzimbiri lifuna zinthu ziwiri, madzi ndi mpweya, ndipo mchere ulifulumizitsa. Nanga mchere uchokera kuti m'chisakasa cha mmisiri? Uchokera m'manja mwake momwemo. Munthu wosema mtondo m'mwezi wa Okutobala atuluka thukuta, nagwira chitsulo, nachiika pansi dzuwa litalowa. M'mawa apeza zala zake zitalembedwa pachitsulopo. Mtengo wauwisi uchita chimodzimodzi. Zipande ndi mithiko tikonda kuzisema mtengo usanaume, popeza uli wofewa, koma madzi ake akagona pachitsulo achidetsa bii. Mlombwa, umene utomoni wake ufiira ngati mwazi, usiya zomata zimene zisunga chinyontho pansi pake.

Makolo athu anali ndi nzeru yawo. Akaweruka, anatsomeka sompho kutsindwi, chapafupi ndi pamene utsi ukwera, ndipo kufunda kwa moto ndi mwaye zinaisunga youma dzinja lonse. Ana sanaifikire, ndipo chiswe sichinayandikire mpini wake. Lero nyumba zambiri n'zamalata, moto uli kukhitchini kwina, ndipo nzeru ija yatsala yopanda malo. Malata ali ndi khalidwe limene udzu ulibe: m'mamawa a Juni ndi Julayi achita thukuta kunsi kwake nadontheza, ngakhale kunja kulibe mvula, makamaka kumapiri kumene chiperoni chikhala masiku angapo. Pansi pa simenti napo pazizira ndi kusunga chinyontho. Choipa koposa zonse n'chimene tichiona m'nyumba zambiri, ndicho kuponya zitsulo zonse pamodzi m'thumba la feteleza ndi kuliika pangodya. Feteleza ndi mchere, ndipo ngakhale thumba lakutumulidwa bwino, wotsala m'misoko akoka chinyontho cha mumpweya. Amene anaona khasu lopalira feteleza litagona losatsuka adziwa chimene tinena.

M'thumbamo muli tsoka linanso. Chitsulo cha tchizulo chiumitsidwa kuti chidule phingo, mtengo wolemera umene umira m'madzi, ndipo chouma chotero sichipindika, chingobenthuka. Milomo ikagundana yokhayokha, kapena ndi tupa ndi misomali, ntchito ya mwala ya dzulo lonse itha paulendo wa kuchokera pakhonde kufika kuchipinda.

Tsono tiziike kuti? Amisiri satsutsana za dzimbiri, koma pa funso ili agawikana. Ena akonda thabwa lokhomera kukhoma, loboola mabowo, tchizulo iliyonse m'bowo lake, mlomo pansi, mpini pamwamba. Ena akonda nsalu yokhuthala yosokedwa timatumba, yokulunga ngati mphasa. Enanso bokosi la chotsekera. Ife tigwiritsa ziwiri monga mwa nyengo. M'chilimwe, pamene ntchito ichuluka ndipo mpweya uli wouma, thabwa la kukhoma lipambana, pakuti diso liona chofuna ndipo dzanja lichitenga osafufuza. Koma likhale pakhoma la m'kati, losawombedwa ndi mvula, pamwamba posafika mwana, ndipo kutsogolo kwa milomo kukhomedwe kathabwa kena kotchinga, chifukwa munthu wotola kanthu pansi akhoza kuwerama nadzuka ndi bala la pamutu. Mvula ikayamba, zonse zilowa m'bokosi la matabwa ouma, logawidwa m'kati ndi timatabwa, ndipo bokosilo likwera pampando kapena panjerwa m'nyumba yogona.

Nsalu yokulunga tiiyamikira paulendo, poitanidwa kukakonza zitseko za tchalitchi kapena kukasema ng'oma kumudzi wina. Buluku lakutha la nsalu yolimba likwanira. Mipini ndiyo ilowe m'timatumba, milomo iyang'ane pakati ndi kufundidwa, kuti isaboole nsalu ndi kukumana ndi mwendo wa wonyamula. Chikopa chioneka bwino, ndipo anyamata achikhumbira, koma chimwa chinyontho nichisunga, kotero sitigoneka chitsulo m'chikopa dzinja lonse. Wosowa zonsezi asade nkhawa: kachidutswa ka nsungwi youma kapena chitsononkho chouma, chovekedwa kumlomo, chitchinjiriza chogobera mokwanira.

Za mafuta tinenepo mwachidule. Pathabwa pathu pakhala kachitini ka kansanza konyowa ndi mafuta a makina osokera, ndipo chitsulo chilichonse chipukutidwa chisanabwerere m'malo mwake. Mafuta a nsatsi agwiranso, ndipo phula la njuchi lopakidwa mopyapyala likhalitsa koposa pa zitsulo zogona miyezi. Mafuta ophikira amata pakapita nthawi naitana nyerere ndi makoswe. Oilo wakuda wotsala m'galimoto aletsa dzimbiri ndithu, koma kodi mudzakondwa kuomolera nsima ndi chipande chimene chinasemedwa ndi chitsulo chotero?

Patsala mdani amene bokosi silimletsa, ndiye mbale wathu wobwereka. Afika m'mawa, napereka moni bwinobwino, nati, "Achimwene, tandibwerekaniko katchizulo, ndibweza tsopano apa." Sanena kuti akukazula msomali pachitseko, kapena kudula waya, kapena kutsegula chitini cha penti. Ibwera madzulo a tsiku lachitatu m'manja mwa mwana, mlomo uli ngati mano a macheka. M'buku lachiwiri la Mafumu, mutu 6, tiwerenga za ana a aneneri amene anapita ndi Elisa kukadula mitengo ku Yordano. Nkhwangwa ya mmodzi inaguluka nigwera m'madzi, ndipo chimene chinamliritsa munthuyo n'chakuti inali yobwereka. Tikadakhala ndi obwereka a mtima wotero, sitikadalemba ndime ino. Kumana mnansi sikuyenera Mkhristu, ndiponso m'mudzi mawa ndife tidzafuna ngolo yake. Chotero ife tisunga tchizulo imodzi yakale yokhuthala, yokoloweka payokha pafupi ndi khomo, ndipo ndiyo iyenda m'mudzi. Wofuna chogobera timuuza kuti abwere ndi mtengo wakewo, timgobere ife tomwe. Ena atiyesa aumbombo, koma ambiri akondwa, popeza apeza chitsulo pamodzi ndi mmisiri.

Tinaonapo zitsulo za mmisiri wina wokalamba zitatulutsidwa chaka chimodzi iye atamwalira. Amayi a pakhomopo anazisunga mokhulupirika, zokulungidwa m'chiguduli pansi pa bedi, osalola munthu kuzikhudza, pakuti zinali za bambo. Pofunyulula, zogobera zonse zinali zofiira, mipini itafumbwa. Sanalakwe iwo, mwini wake sanauzepo munthu za kansanza ka mafuta. Chifukwa chake mwana amene ayamba kutithandiza, tisanampatse mtengo, tiyamba tampatsa kansanzako, ndi ntchito ya kuwerenga mabowo a pathabwa dzuwa likamalowa.

Kuwerengako kuli ndi chifukwa chake. Bowo lopanda kanthu litiuza kuti chitsulo china chatsala m'zibenthu za pansi, ndipo chiyenera kupezeka amayi asanasese m'mawa, pakuti zibenthu za mmisiri zithera pamoto wa kukhitchini. Wosula akatha kuumitsa tchizulo aifunditsanso kufikira ioneke ngati udzu wouma, pa madigiri ngati 230, naleka pomwepo. Ikafika pobiriwira ngati thambo, pa madigiri ngati 300, yayamba kufewa, ndipo moto wophikira nsima upitirira pamenepo kutali. Yotoledwa m'phulusa ioneka yamphumphu, inoleka msanga kuposa kale, koma ikakhudza phingo mlomo upindika ngati chitini, ndipo iyenera kubwerera kuchipala kwa wosula.