Mzinda Umene Unaiwala Oyenda Pansi

Mlendo wofika ku Lilongwe amayamba wasokonezeka ndi manambala. Area 24 ili kummwera, koma Area 25 ili kutali kumpoto, kufupi ndi Kanengo. Area 10 inagundana ndi Area 43. Eni mzinda anazolowera, ndipo amangoseka mlendo akasochera. Komatu kumwazikana kumeneku sikunabwere mwangozi: mzindawu unayamba wajambulidwa papepala, ndipo ojambulawo anaulingalira ali ndi galimoto m'maganizo.

Ku Mtandire kuli nkhalamba ina imene inauona mzindawu ukadali tchire. Mkuluyu anachoka ku Dedza kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ali mnyamata, atamva kuti ku Lilongwe kukufunika manja. Kamuzu Banda anali atagamula kuti likulu lichoke ku Zomba. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, mapulani anajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa, ndipo ngongole yoyambira ntchito inachokeranso komweko. Mnyamatayo anayamba ndi kuponda matope ndi kusenza njerwa pa Capital Hill, kenaka anaphunzira kugwira chipande mpaka anakhala mmisiri. Pamene likulu linkasamuka mu 1975, m'makoma amene nduna zinalowamo munali thukuta lake.

Mapulaniwo sanali oipa pa zonse, ndipo iye salola kuti munthu awanyoze pamaso pake. Ankafuna mzinda wa mitengo ndi mpweya wabwino, wokhala ndi zigawo zinayi zotalikirana: tauni yakale, Capital Hill, Kanengo wa mafakitale, ndi Lumbadzi kumene kunadzamangidwa bwalo la ndege. Pakati pa zigawozi anasiya nkhalango ndi madambo a Lingadzi. Ngakhale anthu wamba anawaganizirako, powadulira mapoloti oti aliyense amange yekha nyumba monga mwa mphamvu zake. Koma mapolotiwo anali kumphepete kwa mzinda, ndipo sanakwanire. Mmisiri uja analembetsa dzina, nadikira, mpaka ana awiri anabadwira m'chipinda cha lendi. Potsiriza anachita zimene anzake ambiri anachita: anapita kwa mfumu ya ku Mtandire atanyamula kangachepe, ndipo mfumuyo inamulozera malo otsikira kumtsinje. Malirewo anali mtengo wa mango ndi chulu. Pepala la umwini alibe kufikira lero.

Choncho pafupi ndi mayadi pamera mudzi wa anthu amene amawatumikira. Mtandire wayang'anizana ndi Area 47, Mgona watsamira mafakitale a ku Kanengo, ndipo Kauma ali kuseri kwa nyumba za mipanda italiitali. Abale a ku Lusaka sangadabwe nazo, pakuti nawonso mzinda wawo unajambulidwa ngati munda wa maluwa, ndipo Kalingalinga ndi Misisi anamera pamene mapulani sanayembekezere. Midzi yotereyi ena amaitcha chisokonezo, koma anthu ake anachita masamu olondola: mlonda, wophika ndi wolima maluwa ayenera kugona pamene miyendo ingawafikitse kuntchito dzuwa lisanatuluke.

Mu 1966 Lilongwe anali ndi anthu osakwana 20,000. Kalembera wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000.

Amene akulipira mtunda tsopano ndi mdzukulu wa mkuluyu. Mtsikanayu amachita lendi ku Chinsapo ndipo amakolopa m'maofesi ku City Centre. M'mawa amakwera minibasi yopita kudepoti, kutauni yakale, n'kutsika, n'kukweranso ina, chifukwa njira zambiri za minibasi zimakathera kumeneko monga mitsinje ithera m'nyanja. Mafuta akakwera mtengo, gawo limodzi la ulendowo amaliyenda wapansi. Mvula ikagwa amakwera kabaza, ndipo ndalama ya ndiwo imathera pamsewu. Mwezi ukamatha amawerengera masiku amene angakwere ndi amene angayende, monga mmene amayi ake ankawerengera ufa m'nyengo ya njala.

Misewu ikukula ndithu. Pa Area 18 pali mlatho wa misewu yodutsana pamwamba ndi pansi, ndipo msewu wa Kenyatta anaukuza kuti magalimoto aziyenda m'mizere isanu ndi umodzi, atagwetsa mitengo imene inkapereka mthunzi m'mbali mwake. Agogowo atapita kukaona anayamikira luso la amisiri, pakuti mmisiri sanyoza ntchito yowongoka. Chimene chinawadabwitsa ndi malo aakulu amene akadali apululu pakati pa mzinda, pamene ana awo akukagula mapoloti kutali, cha ku Chigwirizano ndi kupitirira. Kukuza msewu kumathandiza amene ali kale m'galimoto, koma sikuchotsako ngakhale phazi limodzi pa mtunda wa pakati pa Chinsapo ndi City Centre. Mtunda umenewo ungafupike pokhapokha wosauka atapatsidwa pogona pafupi ndi ntchito. Mapulani atsopano, amene anakonzedwa mu 2010 mothandizidwa ndi dziko la Japan, amayang'ana kufikira 2030, ndipo chakacho chayandikira.

Mkuluyu sakudikira 2030. Kuseri kwa nyumba yake kwatsala kamalo kamodzi, chakumunsi, kumene madzi a Lingadzi anafika mu 2017 pamene mtsinjewo unasefukira n'kugwetsa nyumba za anthu ku Mtandire. Pamenepo ndi pamene akumanga chipinda cha mdzukulu wake, kuti achoke ku Chinsapo ndi kusiya kukwera minibasi ziwiri. Akudziwa kuti si malo omangapo. Maziko wawakweza kufika m'chiuno, wathira simenti yambiri kuposa imene anathira panyumba yake yomwe, ndipo khomo waliyang'anitsa kumtunda. Njerwa akuumba yekha, pang'onopang'ono, chifukwa msana sulolanso.