Amartya Sen na Funso la Njala

N'cifukwa ciani ena amagona na njala pomwe pa msika pali cakudya? Funso limeneli ni limene Amartya Sen, katswili wa nzelu zakuya komanso zacuma wa ku India, wakhala akulimbana nalo kwa zaka zambili.

Sen anabadwa mu 1933 ku Santiniketan, m'dela la Bengal. Mu 1943, ali na zaka 9, njala yoopsa inagwa ku Bengal ndipo anthu pafupifupi 3 miliyoni anafa. Mwanayo anaona cinthu codabwitsa: abale ake na anzake a kusukulu sanavutike. Amene anali kufa anali osauka, maka-maka anthu a maganyu akumidzi.

Mu 1981 analemba buku lakuti Poverty and Famines. Anafotokoza kuti mpunga ku Bengal mu 1943 sunacepe kwambili cakuti n'kupha anthu onsewo. Nkhondo yaciŵili ya dziko lonse inakweza mitengo, koma malipilo a anthu a maganyu anatsalila. Cakudya cinalipo, mphamvu yogulila ni imene inatha.

Kucokela pamenepo, Sen anayamba kuona umphawi monga kusoŵa ufulu wocita zimene munthu amaona kuti n'zofunika pa umoyo wake. Ganizilani mtsikana amene ali na satifiketi, koma alibe ya minibasi yopitila kumene aitana anthu ofuna nchito. Pa pepala ni wophunzila, koma mwayi umupita pamphuno. Mu 1998 Sen analandila mphoto ya Nobel pa zacuma, ndipo mu 1999 anatulutsa buku la Development as Freedom pa nkhani imeneyi.

Mfundo yake imene imanikhudza kwambili ni iyi: njala yaikulu siinagwepo m'dziko limene lili na masankho enieni komanso atolankhani omasuka. India sanaonenso njala ngati ya 1943 cilandilile ufulu mu 1947, pomwe ku China anthu mamiliyoni ambili anafa pakati pa 1959 na 1961. Boma limene liopa voti siligona anthu akayamba kukuwa. Koma Sen anacenjezanso kuti kusadya mokwanila tsiku na tsiku kumapitilila mwakacetecete, ngakhale mu India mwenimweni, cifukwa sikupanga nkhani.

Ine nimathandiza pa wailesi ya m'dela, ndiye cenjezo limeneli nimalimva monga langa. Cilala ca 2024 cinalengezedwa kukhala tsoka la dziko lonse la Zambia, ndipo tonse tinacikamba. Nanga mwana amene amapita kusukulu wosadya caka ciliconse, ndani amamukamba? Tikamva kuti milisi ili mbwee m'mashedi, tizifunsanso kuti ni angati m'komboni angakwanitse thumba la unga la 25kg, nanga ni angati akhalila pamela. Imwe acinyamata muli na foni m'manja. Pulogilamu ikatsegula laini, tumani foni, mukambe mtengo umene mwagulila lelo.