Dzina la mwana wamkazi m'kaundula wa usilikali

Foni inalira Lamlungu madzulo, mayi wina wa ku Angónia atangoyanika ovololo yake kuseri kwa nyumba ya lendi ku Boitekong, kufupi ndi Rustenburg. Woimbayo anali mwana wake wamkazi, amene amakhala ndi agogo ake ku Ulongué. Chaka chimenecho ankakwanitsa zaka 18, ndipo anzake anali atayamba kale kukalembetsa maina m'kaundula wa usilikali.

"Amayi, kodi nane ndipite?" anafunsa mtsikanayo.

Ku Mozambique lamulo linayankha kale funso limeneli: mnyamata ndi mtsikana yemwe ayenera kulembetsa. Sikuti aliyense wolembetsa amaitanidwa, koma woitanidwayo kale ankatumikira zaka ziwiri, ndipo kumapeto kwa 2023 nyumba ya malamulo inavomereza kuti zikhale zisanu. Chikhalirecho, kuyambira mu Okutobala 2017 ku Cabo Delgado kuli nkhondo. N'chifukwa chake mayiyo sanayankhe msanga. Anauza mwanayo kuti ayambe wakambirana ndi amalume ake.

Amalumewo, amenenso amagwira ntchito mumgodi wa pulatinamu, anafika usiku womwewo. Maganizo awo anali achidule. "Mlongo wanga, mfuti si ya mkazi. Ngakhale azungu a dziko lino, pamene ankakakamiza anyamata awo kulowa usilikali kuyambira 1967 mpaka 1993, ana awo aakazi sanawakhudze."

"Achimwene," anatero mayiyo, "nanga Josina Machel anali mwamuna?"

Ankanena za gulu la akazi ankhondo limene FRELIMO inakhazikitsa mu 1967, komanso za tsiku la 7 Epulo, limene Josina anamwalira mu 1971, ndipo mpaka lero ndi tsiku lokumbukira amayi a ku Mozambique. Dziko limene linamasulidwa akazi atanyamula zida pamutu ndi mfuti paphewa silinganene kuti mkazi alibe mphamvu. Maiko enanso, monga Norway mu 2015 ndi Sweden mu 2017, anasankha kuitana anyamata ndi atsikana mofanana.

Komabe chimene chinamusowetsa tulo mayiyo sichinali mphamvu za mwana wake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iye ankadziwa bwino chimene chimachitika lamulo likalowetsa mkazi pamalo pamene anakonzera amuna okhaokha.

Kwa zaka zambiri malamulo a South Africa ankaletsa akazi kugwira ntchito pansi pa mgodi. Chiletsocho chinatha m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2002 boma ndi eni migodi anagwirizana kuti mwa antchito khumi alionse mmodzi akhale mkazi. Mayiyu analowa pakhomo limenelo akuthokoza, chifukwa malipiro ake ndiwo anaphunzitsa mwana uja. Koma pansipo anapeza kuti lamulo linatsala kumtunda. Ovololo inali yosokedwera thupi la mwamuna, yoti pofuna kudzithandiza ayenera kuivula yonse. Chimbudzi chinali kutali, mumdima. M'chikepe chotsikira, mmene anthu amapanikizana ngati matumba a chimanga, anaphunzira kuima chofulatira khoma, manja atapingasa pachifuwa. Atadandaula kwa womuyang'anira, anauzidwa kuti anadzifunira yekha ntchito ya amuna. Ndipo mu February 2012, mayi wina anapezeka ataphedwa pansi pa mgodi wina wa ku Rustenburg konko. Akazi onse a m'migodi ya m'derali anamva imfa imeneyo ngati yawo.

Mgodi iye anaulowa mwa kufuna kwake, ndipo tsiku lililonse akhoza kuusiya. Msilikali wokakamizidwa alibe ufulu wotero. Sangasankhe womulamula, sangasankhe kogona, ndipo akachoka amatchedwa wothawa. Ngati womuvutitsa ndi yemweyo amene ayenera kumuchitira sawatcha m'mawa, akadandaula kwa yani?

Apa ndi pamene iye ndi mchimwene wake anasiyana. Amalume ankafuna kuti mtsikana asiyidwe chifukwa ndi wofooka. Mayiyo ankati mtsikana akhoza kuitanidwa, popeza dziko ndi lakenso, koma boma limene lamutenga m'manja mwa agogo ake likhale litasenza ngongole: malo ogona otetezeka, zovala ndi nsapato zomukwana, akazi anzake pakati pa olamula, ndiponso khomo lokadandaulako limene silidutsa kwa womulakwirayo. Kuitana atsikana zinthu izi zisanakonzedwe n'kuwapatsa mtolo wofanana ndi wa anyamata, n'kuwaonjezera wina umene anyamatawo sausenza.

Amalume anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anavomereza kuti nawonso mwana wawo wamwamuna akamadzalembetsa, sadzagona tulo.

M'mawa, shifiti isanayambe, mayiyo anaimbira foni ku Ulongué. "Mwana wanga, pita ukalembetse, lamulo ndi lamulo. Chikalata chimene akupatse uchisunge bwino. Koma akadzakuitana, undiuze tsiku lomwelo. Ndidzabwera ndekha, chifukwa pali zina zimene ndiyenera kukuuza pamaso, zimene ine palibe anandiuza."

Atatero anavala chisoti, nayatsa nyali yapachipumi, n'kukaima pamzere wodikira chikepe.