Fisi, mbuzi zanga ndi mfuti imene sindinagule

Mwezi wa June chaka chatha fisi analowa m'khola langa usiku n'kutenga mbuzi yaikazi yabere. Patapita masabata awiri anabweranso n'kupha zina ziwiri, imodzi anaisiya kuseri kwa nyumba itang'ambika pamimba. Ine ndimaphunzitsa Physics pasukulu ina yasekondale yoyendera kumapiri a ku Ntcheu, ndipo amene amadziwa malipiro a mphunzitsi wa dipuloma amvetsa kuti mbuzi ndiyo banki yathu. Zitatuzo zinali fizi ya mlongo wanga wa Fomu 3.

M'mawa mwake ndinauza mayi akunyumba kuti ndigula mfuti. Iwo anangoti, "Abambo, ndalama ya mfutiyo ikanakhalapo bwenzi titagula malata." Sindinawayankhe. Madzulo ndinagula bandulo n'kuyamba kufufuza pa intaneti kuti alimi a kwina amathana bwanji ndi zilombo zolusa.

Zambiri zimene ndinapeza zinali za ku America. Kumeneko kuli chilombo chotchedwa coyote, chofanana ndi nkhandwe yathu koma chokulirapo, chimene chimagwira nkhosa, nkhuku ngakhale ana a ng'ombe. Alenje ake ambiri amasankha mfuti ya .223 Remington kapena .22-250. Chipolopolo chake n'chaching'ono, sichikwana magalamu 4, koma chimatuluka ndi liwiro la pafupifupi kilomita imodzi pa sekondi, choncho chimayenda mtunda wautali chisanayambe kugwa kwenikweni.

Kukonza mfutiyo nakonso ndi ntchito. Pamwamba pake amamangapo galasi loonera kutali. Asanapite kutchire, mlenje amakhoma pepala pamtunda wa mayadi 100, omwe ndi mamita 91, amagoneka mfuti pathumba la mchenga kuti isagwedezeke, n'kuwombera katatu. Akaona pamene zipolopolo zaboola, amapotokola timabatani ta galasilo mpaka malo amene diso laloza agwirizane ndi pamene chipolopolo chikufika. Kutchireko amakhala mbali imene mphepo ikupita kuti chilombo chisamve fungo lake, ndipo amaliza kachipangizo kolira ngati kalulu wogwidwa kuti coyote abwere yekha.

Kunena zoona, ndinakopeka. Zimene ndimalemba pabolodi ndi choko, za liwiro ndi mphamvu yokokera zinthu pansi, apa zinali kuoneka ndi maso. Koma Physics yomweyo ndiyo inayamba kundibweza.

Choyamba ndi kulemera. Coyote wamkulu nthawi zambiri saposa makilogalamu 20, pomwe fisi wamawanga amafika 60 ngakhale kuposa. Mfuti yopangidwira chilombo chaching'ono ikhoza kungomuvulaza fisi, ndipo chilombo chovulala pafupi ndi nyumba za anthu n'choopsa kuposa chanjala. Chachiwiri ndi mtunda. Chipolopolo chotere chikaphonya chikhoza kukagwa makilomita oposa awiri. M'makanemawo mlenje amakhala pachigwa chopanda nyumba n'imodzi yomwe. Ine nditaima pakhola langa n'kuyang'ana mbali zonse, ndinaona tchalitchi, mjigo, nyumba za aphunzitsi anzanga ndi kanjira kamene ana amadutsa m'bandakucha popita kusukulu.

Pali lamulonso. Kuno kwathu mfuti imafunika chiphaso chochokera kupolisi, ndipo kuisunga popanda chiphasocho ndi mlandu. Nyama zakutchire nazonso zili ndi lamulo lake, limene linakonzedwanso mu 2017, ndipo pamilandu ikuluikulu munthu akhoza kukakhala kundende zaka 30. Chilombo chikavuta m'mudzi, oyenera kuuzidwa ndi a nthambi yoona za nyama zakutchire.

Komabe mtima sunathe. Loweruka ndinakwera njinga kupita kwa amalume, amene kale anali mlenje wa gogodela, mfuti ija yothira wonga kukamwa. Kudzanja lawo lamanzere kulibe zala ziwiri, chifukwa tsiku lina mpope wa mfutiyo unaphulika akuwombera nguluwe m'munda wa chinangwa. Nditawafotokozera za magalasi ndi mayadi 100, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mphwanga," anatero, "fisi sabwera masana kuti umuyeze ndi tepi. Ukaona maso akuwala mumdima, udziwa bwanji kuti si galu wa mnzako? Ukamva kuswanyula, udziwa bwanji kuti si munthu wochokera ku mowa?"

Kenako ananena chinthu chimene sichinali m'kanema aliyense. "Ndipo ukalasa fisi lero, mawa gogo wina n'kudzuka mwendo ukupweteka, mudzi wonse uti uja ndiye amakwera fisiyo. Magazi ake adzakhala pamutu pa ndani?" Ndinakhala chete. Tonse tamvapo za okalamba omenyedwa ndi kuphedwa chifukwa chowaganizira ufiti, ndipo sindinaganize kuti mkwiyo wanga wa mbuzi ungathe kuyatsa moto wotere.

Nditabwerera ndinawerenganso za ku America, ulendo uno mosathamanga. Boma lakumeneko linakhazikitsa lamulo lothana ndi zilombo zoononga ziweto mu 1931, ndipo mpaka lero limapha ma coyote zikwizikwi chaka chilichonse. Koma chilombocho, chimene kale chinkapezeka makamaka m'zigwa za pakati ndi kumadzulo kwa dzikolo, tsopano chili m'zigawo zonse kupatula Hawaii, mpaka m'mizinda ngati Chicago ndi Los Angeles. Alimi ambiri a nkhosa amadalira mipanda yolimba, agalu olondera ngakhalenso abulu. Ngati anthu a mfuti zabwino chotero sanathe kumaliza chilombo chawo, ine ndikanatani ndi yanga imodzi?

Ndinagulitsa tonde mmodzi n'kugula misomali ndi waya. Ine ndi anyamata awiri am'mudzi tinamanga khola lam'mwamba la mitengo ya bulugama, nsanamira zake zokumbira pansi kwambiri, chitseko chake cha matabwa chotseka ndi loko. Khola lakale, ndivomereze, linali la timitengo tomanga ndi luzi, ndipo ndinkadziwa kuti lafooka koma ndinkangoti ndikonza mwezi ukatha. Nkhani ya fisiyo tinakaitula kwa amfumu kuti aipereke kwa a zanyama.

Mlongo wanga anachedwa masabata atatu kupita kusukulu teremu imeneyo, mpaka nditakongola kubanki m'khonde. Fisi sanachoke. Mwezi wathawu anatenga nkhumba kwa aneba, ndipo Loweruka likubwerali tikukawathandiza kumanga lawo khola. Masiku ena m'mawa ndimapeza mapazi ake pafumbi, atazungulira nsanamira kawiri n'kulowera kudambo. Ndimawerenga mbuzi, zimakwana zisanu ndi ziwiri, kenako ndimatenga choko n'kupita kukalasi.