Kanyale kamene mwini wake sakaona

Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi, mafoni ndi tizipangizo tina tamagetsi. Koma kwa zaka zingapo tsopano pabenchi langa pamafikanso katundu wa anthu osaona: makina olembera ndi kuwerengera zilembo za Braille, timakina towerenga mabuku mokweza, ndi tizida touza munthu pamene waima ndi kumene akulowera. Zambiri zimabwera zitagwira kale ntchito kunja, mwini wake anachita kutumiziridwa ndi m'bale kapena mpingo. Zikawonongeka palibe sitolo yoti n'kukagulako zina, ndiye zimathera m'manja mwanga.

Funso limene ndafunsidwa kambirimbiri ndi ili: "Amisiri, kolandirira GPS kabwino ndi kati, ka waya kapena ka Bluetooth?"

Kolandirira kameneka ndi kabokosi kongokulirapo pang'ono kuposa ka machesi. Kamamvetsera masetilaiti amene akuzungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kumwambaku, ndipo kuti kadziwe bwino pamene kali kamafunika kumva anayi kapena kuposa apo. Kakatero kamatumiza mizere ya manambala ku makina a munthuyo, nthawi zambiri kamodzi pa sekondi iliyonse, m'kalembedwe kotchedwa NMEA 0183. Makinawo ndiwo amasandutsa manambalawo kukhala mawu kapena Braille. Mizereyo ndi imodzimodzi, kaya yadutsa mu waya kaya yadutsa mumphepo. Choncho amene amakuuzani kuti ka waya n'kolondola kuposa kanzake chifukwa cha wayayo, akukusokeretsani. Kulondola kumachokera ku tchipi imene ili m'katimo ndiponso malo amene mwakaika. Pansi pa khonde la malata kapena pakati pa nyumba zosanja, tonse tiwiri timasokonezeka mofanana.

Mpaka mu Meyi 2000, boma la America linkasokoneza dala GPS ya anthu wamba, moti kuphonya ndi mamita 100 sichinali chachilendo. Kwa munthu wosaona mamita 100 ndi msewu wina kale. Bomalo litasiya kutero m'pamene zida izi zinayamba kukhala zaphindu. Kampani ya Sendero Group, ya Mike May, amene anakhala wosaona kuyambira ali mwana, inapanga pulogalamu ya GPS ya makina a BrailleNote a kampani ya Pulse Data ya ku New Zealand. Ku Canada, kampani ya VisuAide inatulutsa chida cha GPS chotchedwa Trekker mu 2003, ndipo mu 2005 makampani a Pulse Data ndi VisuAide anaphatikizana n'kukhala HumanWare. Zoyambirirazo zinali za waya. Bluetooth inadzabwera pambuyo, anthu atatopa ndi zingwe.

Ndipo kutopako n'komveka. Mphunzitsi wina wosaona anabwera kwa ine makina ake atasiya kulankhula za njira. Ankamangirira kolandirira palamba wa chikwama paphewa, waya n'kutsika mpaka m'chiuno. Dzanja lamanja lili ndi ndodo yoyera, lamanzere lili pamakina, ndiye wayayo ankangolendewera. Tsiku lina akutsika minibasi, waya anakola pachitseko. Kunja ankaoneka wabwinobwino. Ndinaika mita yanga mbali zonse ziwiri n'kuyamba kupinda wayayo pang'onopang'ono ndi zala, kuchokera pakati kupita kumapeto. Nditafika pakhosi pa pulagi, mita inalira n'kusiya, n'kuliranso. Pamenepo ndi pamene waya aliyense amafera. Ndinadula, n'kusenda, n'kuwotcherera ndi mtovu, kenako n'kuvekapo kapaipi kapulasitiki kofota ndi moto, kawiri, kuti khosilo lilimbe. Ntchito ya theka la ola.

Ndikuwabwezera, anayendetsa zala pa wayayo kuchokera kuphewa mpaka papulagi, n'kukankha pulagiyo kuti ilowe bwino. "Apa ndiye pali bwino, achimwene," anatero. Palibe anawauza, zala zinawauza zokha. Ichi ndicho chimene ndimakondera waya: vuto lake limagwirika. Pulagi ikazuka, munthu amaipapasa n'kuibwezera yekha ali pamsewu. Waya akaduka, wokonza wailesi aliyense wapamsika angathe kumulumikiza. Ndiponso tolandirira ta USB timadya moto wa makina omwewo, choncho batire yoti uziidera nkhawa ndi imodzi yokha, ngakhale imatha msanga.

Bluetooth inachotsa chingwe, ndipo sindingaipeputse. Imafika mamita ngati 10, choncho kabokosi kangakhale paphewa kapena pachipewa, poyang'ana kumwamba, makina ali m'chikwama osanyowa ndi mvula. Palibe chokola pachitseko kapena pakabaza. Doko la makina nalonso limakhalitsa, chifukwa palibe chomazula ndi kulowetsa tsiku ndi tsiku, ndipo kukonza doko lothyoka n'kovuta kuposa kukonza waya.

Koma tamvani zimene zinachitikira mtsikana wina wasukulu. Anafika ndi mng'ono wake atamugwira dzanja, nkhope ili yakugwa. Dzulo lake anali atasokera pafupi ndi depoti, makina atangoti zii osatchulanso malo. Anayesa kuzimitsa ndi kuyatsa, osaphula kanthu, mpaka mayi wina wogulitsa nthochi ndiye anamuperekeza. Nditatenga kabokosiko ndinaona nthawi yomweyo kuti batire yatheratu. Magetsi anali atazima usiku wonse, iye anasomeka tchaja n'kugona, poganiza kuti kakudzaza. Ndinakasomeka pabenchi, ndipo timanyale titatu tinayamba kuphethira: kena konena za batire, kena ka setilaiti, kabuluu ka Bluetooth. Zonse zimene mtsikanayo ankafunika kudziwa kabokosiko kankanena, koma kankanena ndi kuwala.

Zinandipweteka mtima kwambiri. Tolandirira tambiri ta Bluetooth anatipangira oyendetsa galimoto, mabwato ndi ndege, anthu openya. Kwa munthu wosaona, kanyale kophethira n'chimodzimodzi kulibe. Choipa china ndi batani longodina, limene ukadina kamodzi layatsa, ukadinanso lazimitsa, ndipo chala sichingasiyanitse. Palinso nkhani yolumikizitsa. Zida zakale zambiri zimafuna nambala, kawirikawiri 0000, ndipo kulumikizana kukasokonekera munthu amayenera kulowa m'kati mwa makina n'kuyambiranso, ataima m'mbali mwa msewu magalimoto akudutsa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasintha kagwiridwe kanga ka ntchito. Ka Bluetooth kakabwera, ndimatsinzina kaye n'kuyesa kukayatsa. Ngati kali ndi switchi yokankhira uku ndi uku, ndimadontheza kaguluu kouma mbali yoyatsira kuti chala chizipeza. Ndimayeza kuti batire ikukhala maola angati kwenikweni, osati zimene zinalembedwa pabokosi, chifukwa batire yakale imanama, ndipo ndimamuuza mwini wake chiwerengerocho. Kenako timatuluka limodzi panja, n'kuima pabwalo mphindi imodzi kapena ziwiri kuti kagwire masetilaiti tisanayambe kuyenda. Kakakhala nthawi yaitali kosayatsidwa kamachedwa kugwira, ndipo ambiri amaganiza kuti kafa pamene kakungofunafuna. Timasunganso malo ake ndi mayina amene iye amawadziwa, monga pachigayo, pamjigo, pageti la tchalitchi, popeza njira zambiri za m'makomboni mwathu zilibe mayina.

Masiku ano zida zambiri zili ndi GPS m'kati momwemo. Trekker Breeze ya mu 2008 inali kale ndi GPS yakeyake, ndipo mafoni okhala ndi mapulogalamu owerenga mokweza monga TalkBack kapena VoiceOver akuchita ntchito yomweyi. Komabe foni imakhala m'thumba, thupi litaitchinga, ndipo batire yake ili ndi ntchito zina zambiri, choncho funso lija silinathe. Yankho langa ndi lakuti amene amakhala kutali ndi magetsi odalirika, kapena amene sanazolowere makina, atenge ka waya, ndipo ndimamukonzera waya wachiwiri woti azisunga m'chikwama. Wa m'tauni, woyenda m'maminibasi tsiku lililonse, ka Bluetooth kamamuyenera, pokhapokha ngati kali ndi switchi yogwirika kapena kamalira poyaka ndi pozima. Onse ndimawauza kuti asasiye ndodo. GPS ingaphonye ndi mamita 5 kapena 10, ndipo ngalande yosavundikira siidziwa.

Inu abale amene mumatumiza zida zimenezi kuchokera ku Johannesburg, ku London kapena kwina, musanalipire tsinzinani, muyese kukayatsa, kukazimitsa ndi kudziwa ngati kali ndi moto. Mukalephera, kasiyeni pomwepo. Mukagula ka waya, ikanimo waya wina wapadera.