Kachizindikiro ka Rust kamene kandigwira mtima

Ndangoyamba kumene kuphunzira Rust, chilankhulo cholembera mapulogalamu. Anthu amaitama chifukwa cha liwiro, koma ine chimene chandikoka ndi kachizindikiro kamodzi kokha, `?`.

Wolemba mapulogalamu aliyense amadziwa kukoma kolumikiza ntchito pamzere umodzi, ina ikatha ina n'kulandira, monga jQuery inazolowetsera anthu kuyambira 2006. Zimawerengeka ngati chiganizo. Vuto limabwera fayilo ikasowa pakati panjira, poti mzere wokongola uja suonetsa pamene ungadukire. Go inasankha kwina: ntchito iliyonse payokha, kenako `if err != nil`. Palibe chobisika, komabe maso amatopa kufunafuna ntchito yeniyeni pakati pa mizere yofufuza zolakwika.

Ndiye taonani izi:

`let mtengo: u32 = fs::read_to_string("mtengo.txt")?.trim().parse()?;`

Ntchito zitatu pamzere umodzi. Kuwerenga fayilo kutha kulephera, pali `?`. Kusandutsa mawu kukhala nambala kutha kulephera, palinso `?`. Koma `trim` ilibe, chifukwa kuchotsa mipata m'mbali sikungakanike. Zikayenda bwino, `?` imamasula `Result` n'kupatsira zam'kati kwa yotsatira. Zikavuta, function imabwerera pomwepo itanyamula vutolo. Mzere sunaduke, ndipo malo onse oopsa ali poyera ngati mfundo za chingwe. Nditazindikira zimenezi ndinasangalala kwambiri!

Kachizindikiroka kanalowa mu Rust 1.13 mu November 2016. Kale ankagwiritsa ntchito `try!`, yomwe inkakulunga ntchito iliyonse mpaka munthu umayamba kuwerenga mkati n'kumatulukira kunja.

Pali pena pamene kamaperewera. Mavuto awiri aja ndi osiyana mtundu, `io::Error` ndi `ParseIntError`, ndipo `?` imawasandutsa kukhala mtundu umodzi kudzera mu `From`, mwachitsanzo `Box<dyn Error>`. Izi n'zabwino, koma uthenga woti fayilo palibe sutchula dzina la fayiloyo. Pulogalamu ikamawerenga mafayilo khumi, uyambira pati? Apa m'pamene umawonjezera `map_err`, kapena `.context()` ya mu laibulale ya anyhow, mzere n'kuyamba kutalika.

Ukatalika choncho ine ndimaudula pawiri. `let` woyamba amasunga mawu a m'fayilo, wachiwiri amasunga nambala, ndipo aliyense amakhala ndi uthenga wake wonena chimene chalephera.