Maola 24 pasiteshoni ya ozimitsa moto

Nthawi ya 7 koloko m'mawa, pasiteshoni ina m'boma la Massachusetts ku America, amene anachezera usiku akuweruka. Olowa ayamba n'kuyendera galimoto: mapaipi, makwerero, masilinda a mpweya. Pazisoti zina pamatidwa chizindikiro cha W6, chokumbukira anzawo 6 amene anafera m'moto ku Worcester pa 3 December 1999.

Ndudu simungaione. Lamulo la bomali limaletsa ozimitsa moto amene analembedwa ntchito kuyambira mu 1988 kusuta fodya. Koma taonani tsaya la mnyamata akutsuka galimotoyo. Wabwira fodya, ndipo akulavulira m'kabotolo. Anaonera akuluakulu apantchito, poti fodya wobwira satulutsa utsi, amachotsa tulo, ndiponso manja amakhala akugwirabe ntchito.

Masana belu lilira kangapo, koma moto ayi. Ntchito yambiri masiku ano ndi ya odwala: nkhalamba yagwa m'bafa, mtima wa wina waima, galimoto zawombana pamsewu. Pangozi yomalizayi panali mwana. Pobwerera, m'galimoto muli zii.

Madzulo asonkherana ndalama, aphika okha, n'kudyera patebulo limodzi. Apa ndiye pali mtima wa siteshoni. Amasereulana mpaka misozi, amadziwana mayina a ana, ndipo aliyense angalowe m'malawi chifukwa cha mnzake. Chimene chimandipweteka n'chakuti patebulo lomweli munthu sanganene kuti nkhope ya mwana uja ikumubwererabe. Amaopa kuti mawa anzake amukayikira pogwira paipi, kapena akuluakulu amuchotsa pagalimoto. Umodzi umene umawapulumutsa pamoto ndi womwewo umawatseka pakamwa.

Belu lilira 1 koloko usiku, kenako 3 koloko. Munthu adzidzimuka mtima uli thithithi, ndipo akabwerako tulo tathawa. Nyengo imeneyi kachitini ka fodya kamayenda dzanja ndi dzanja. Komatu thupi lomwelo lapuma kale utsi wapoizoni. Mu 2022 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaika ntchito yozimitsa moto m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya chikhodzodzo ndi ya mesothelioma.

Pantchito mowa sulawidwa. Umadikira kuti aweruke. Kutacha wina angoti, "Tiyeni tikangomwako limodzi lokha," ndipo wokana amaoneka ngati wadzipatula. Kunyumba ana apita kusukulu, mayi ali kuntchito, ndiye botolo ndi limene limagoneka munthu. Tulo ta mowa n'toduladula, amadzuka ali wotopabe, madzulo n'kuwonjezera lina. Bungwe lawo la IAFF linatsegula chipatala cha mavuto a mowa ndi a maganizo ku Upper Marlboro, m'boma la Maryland, mu 2017. Chimalandira ozimitsa moto okhaokha, kuti wolankhula za mwana wapamsewu uja azimvedwa ndi anthu oti nawonso ananyamulapo mwana wotero.